Aneneri atchula tsiku lobwera Yesu, ndipo bambo akufuna kugulitsa injini

"Abusa, ndine mayi wa ana anayi, timakhala kufupi ndi Lifuwu kuno ku Salima. Ukwati wathu tinadalitsa kutchalitchi ndipo takhala tikupemphera limodzi. Chaka chatha amuna anga anayamba kupita ku felosipu ina imene imakumana madzulo m'kalasi ya sukulu. Mneneri wa kumeneko anawauza zinthu zoona: anatchula dzina la achimwene awo amene ali ku Joni, ananenanso za m'mimba mmene mumawapweteka. Kuyambira pamenepo chimene mneneriyo, amene amamutcha Papa, anena kwa iwo ndi lamulo. Tsopano akuti Mulungu wawaululira kuti mkwatulo uchitika mu Malichi, atchula ndi tsiku lomwe. Mbuzi zathu zapita kale kwa mneneriyo ngati chopereka chimene amachitcha mbewu. Feteleza akukana kugula, fizi ya mwana wa Fomu 3 akuti n'kutaya ndalama, ndipo panopa akufuna kugulitsa injini ya boti imene imatidyetsa. Mneneriyo wanenanso kuti pali mayi wachikulire wa kuchikazi amene anamanga bizinesi yathu, ndipo aliyense wadziwa kuti akunena mayi anga. Ndikafunsa, amati ndikulimbana ndi Mzimu Woyera, tchimo losakhululukidwa. Tulo sindikuliona. Nanga zikakhala zoona, ine n'kutsala?"

Mayi, pepani kwambiri, ndipo mwachita bwino kulankhula injini isanapite. Ndiyambe ndi chimene chikukusowetsani tulo. Kufunsa mneneri si tchimo, ndipo si kuchitira mwano Mzimu Woyera. Nkhani ya tchimo losakhululukidwa ili pa Marko 3:28-30, ndipo Marko yemweyo akufotokoza chifukwa chimene Yesu ananenera mawuwo: alembi ankaona ndi maso awo anthu akumasulidwa, koma mwadala n'kumanena kuti Yesu ali ndi mzimu wonyansa. Inu simukunena zimenezo za Yesu. Inu mukufunsa ngati munthu wina, wodya nsima ngati ife tomwe, wamvadi kuchokera kwa Mulungu. Funso limenelo Baibulo limachita kulamula kuti tizifunsa. Yohane akuti tisakhulupirire mzimu uliwonse koma tiyese mizimu, chifukwa aneneri onyenga ambiri analowa m'dziko (1 Yohane 4:1). Paulo akuti tisanyoze mauneneri, ndipo pomwepo akuwonjeza kuti tiyese zonse n'kusunga chokoma (1 Atesalonika 5:20-21). Ku mpingo wa ku Korinto analamula kuti aneneri awiri kapena atatu alankhule, enawo aziweruza zimene zanenedwa (1 Akorinto 14:29). Ndiye kuti mu mpingo wa atumwi mneneri ankati akalankhula n'kukhala pansi, anzake n'kuyamba kusanthula mawu ake iye ali pomwepo. Anthu a ku Bereya ankafufuza m'Malemba ngakhale zimene Paulo mwini wake ankalalikira, ndipo Luka anawayamikira.

Inu a kunyanja mukamagula chambo padoko mumatsegula makha kuti muone ngati ali ofiira. Amene nsomba yake ndi yalero sakwiya nazo. Wokalipa kuti musaigwire ndi amene yake yagona.

Mwina akuuzaninso kuti "musakhudze odzozedwa anga." Mawuwo ali pa Salimo 105:15, koma werengani kuyambira ndime 8. Akunena za Abrahamu, Isake ndi Yakobo ali alendo ochepa m'maiko a eni, ndipo Mulungu akuchenjeza mafumu kuti asawapweteke. Sakuletsa mkazi kufunsa kumene mbuzi za banja lake zapita. Davide anakana kupha Sauli chifukwa anali wodzozedwa, komabe anamuuza kulakwa kwake pamaso pa asilikali. Paulo anadzudzula Petro maso ndi maso ku Antiokeya.

Ndinene poyera mbali imene ndili, kuti musandiyese wa gulu lonyoza mphatso za Mzimu. Ndimakhulupirira kuti Mulungu amalankhula, kuti amachenjeza ana ake ngakhale m'maloto, ndiponso kuti Yesu adzabweradi. M'zaka zimene ndatumikira m'mipingo ya m'mbali mwa nyanja ndamvapo mawu ochokera kwa amayi osadziwika n'komwe, mawu amene anabweza munthu panjira ya imfa, ndipo amayiwo sanapemphe ngakhale botolo la zakumwa. Choncho sindikutsutsa uneneri. Ndikutsutsa uneneri uwu.

Pa nkhani ya tsiku, palibe chifukwa chodikira mwezi wa Malichi kuti tidziwe. Yesu anati za tsikulo ndi ola lake palibe amene akudziwa, angelo akumwamba ayi, ngakhale Mwana, koma Atate okha (Mateyu 24:36). Atauka kwa akufa ophunzira anamufunsanso, ndipo anawayankha kuti si kwa iwo kudziwa nthawi ndi nyengo zimene Atate anaziika m'manja mwawo (Machitidwe 1:7). Munthu akati iye wauzidwa tsikulo, akunena kuti wapatsidwa chimene Petro ndi Yohane anakanizidwa. Ena amazemba ponena kuti Yesu anatchula tsiku ndi ola, sanatchule mwezi kapena chaka. Kumeneko n'kusewera ndi Malemba, chifukwa m'mutu womwewo akuti adzabwera pa nthawi imene simukuiganizira.

Ndipo mneneri wanuyo si woyamba. Ku America, anthu otsatira William Miller anadikira usiku wonse wa pa 22 Okutobala 1844, ena atasiya mbewu zawo m'munda osakolola. Harold Camping wa wailesi ya Family Radio anatchula 1994, kenako 21 Meyi 2011, kenako 21 Okutobala chaka chomwecho; mu 2012 anavomera kuti analakwa, koma amene anagulitsa nyumba zawo sanabwezeredwe ndi kuvomerako. Mu Seputembala 2025 mafoni athu anadzaza ndi uthenga wochokera ku South Africa woti mkwatulo uchitika pa 23 kapena 24, ndipo pa 25 tonse tinadzuka kukatunga madzi.

Kwathu kuno nkhani ya Elliot Kamwana ndiyofunika kuidziwa, chifukwa imaonetsa mmene zinthuzi zimayendera. Anali Mtonga wa ku Nkhata Bay, wophunzira kumishoni ya Livingstonia, amene anakumana ndi Joseph Booth ku South Africa. Anabwerera mu 1908 akulalikira kuti mu 1914 ufumu wa Khristu ufika ndipo ulamuliro wa atsamunda utha, msonkho udzatheranso pomwepo. M'miyezi yochepa anabatiza anthu pafupifupi 10,000. Anthuwo sanali opusa. Anali otopa ndi msonkho, otopa ndi kudikira zaka kuti amishoni awabatize, ndipo panabwera munthu wolankhula chinenero chawo n'kuwauza kuti mavuto awo ali ndi tsiku lothera. Boma linamuchotsa m'dziko mu 1909 ndipo analoledwa kubwerera kwawo mu 1937. Koma taonani ichi: mu 1914 kunabukadi nkhondo yaikulu, mfuti zinalira mpaka ku Karonga. Amene ankafuna kunena kuti "mwaona nanga" anapeza ponenera. Komatu chimene chinalonjezedwa sichinali nkhondo. Atsamunda anakhalabe mpaka 1964. Ndikukuuzani izi kuti mukonzekere, pakuti m'mwezi wa Malichi padzachitika kanthu ndithu, kaya ndi madzi osefukira, kaya nkhondo kwinakwake, kaya imfa ya munthu wotchuka, ndipo mudzauzidwa kuti n'chimene chinkanenedwa chija. Lembani lero m'kope mawu enieni a mneneriyo ndi tsiku lake, ndipo ngati anatumiza pa WhatsApp musafufute. Deuteronomo 18:22 akuti mneneri akalankhula m'dzina la Yehova chinthucho osachitika, ndiye kuti Yehova sananene, ndipo musamuope. Kuti lamulo limeneli ligwire ntchito pafunika wina wokumbukira zimene zinanenedwa.

Mudzamvanso kuti "tinapemphera, Mulungu wawonjezera nthawi ngati ku Nineve." N'zoona kuti Yona analalikira masiku 40 ndipo mzinda sunawonongeke, ndipo Yeremiya 18 akufotokoza kuti Mulungu amabweza chilango anthu akalapa. Koma limenelo linali chenjezo la chilango kwa mzinda umodzi. Kubwera kwa Khristu si chinthu chimene Mulungu amauza munthu mmodzi ku Salima kenako n'kusintha chifukwa cha ovanaiti.

Za zizindikiro ndisataye nthawi yambiri. Amuna anu akatchula namondwe Freddy wa mu 2023, kapena nyanja imene inalowa m'nyumba ku Senga Bay mu 2024, afunseni akuluakulu a kwanuko za chivomezi cha pa 10 Malichi 1989 chimene chinagwetsa nyumba zambirimbiri ku Salima konkuno n'kupha anthu, kapena za njala ya 1949 ndi ya 2002. Nthawi zonsezo analipo onena kuti dziko latha. Yesu anati tidzamva za nkhondo, njala ndi zivomezi, koma tisadere nkhawa chifukwa chimaliziro sichinafike. Zimenezo ndi chiyambi chabe cha zowawa (Mateyu 24:6-8). Masiku otsiriza tilimo inde, ndipo Petro ananena kuti anali atayamba kale pa tsiku la Pentekoste. Nambala ya 666 nayo yamatidwa pa Nero, pa Napoleon, pa Hitler, pa timizere ta pa katundu wa m'sitolo, posachedwapa pa katemera wa Covid. Mipingo yathu imasiyana pa kamvedwe ka mkwatulo ndi zaka chikwi za m'Chivumbulutso, ndipo ine ndili ndi maganizo anga, koma palibe mpingo wokhazikika umene ungakupatseni deti.

Tsopano chimene chinagwira mtima wa bambowo, chifukwa apa ndi pamene pali muzu. Mneneri anatchula dzina la achimwene awo. Pali njira zingapo zimene zimenezi zimachitikira, ndipo zina ndaziona ndi maso. M'magulu ambiri otere muli anyamata olandira alendo amene amacheza nanu pakhomo ngati akungokudziwani, kapena amakulembetsani dzina, nambala ya foni ndi chopempherera. Nambala yokhayo ndi yokwanira: munthu akaiika ngati akutumiza ndalama pafoni, dzina lanu lonse limatuluka, ndipo dzinalo likalowa pa Facebook abale anu onse ali poyera. Amene anawaitanira bambowo ku felosipuko amawadziwanso bwino, ndipo mwina anafotokoza za iwo mosaganiza choipa, pongofuna kuti mnzawo athandizidwe. Zinanso n'zongoponya: ndi banja liti ku Lifuwu limene lilibe m'bale ku Joni? Ndi msodzi uti amene m'mimba simumuvuta? Mawu khumi akaponyedwa, awiri n'kugunda, munthu amapita kunyumba atanyamula awiriwo, asanu ndi atatu aja ataiwala.

Koma tinene kuti palibe chinyengo chilichonse, munthuyo anadziwadi mwa njira yodabwitsa. Ngakhale zitatero nkhani siinathe. Deuteronomo 13 akunena za mneneri amene chizindikiro chake chachitikadi, komabe Mose akuti musamumvere ngati akukupatutsani kwa Mulungu wanu. Mtsikana wa mzimu wolosera wa ku Filipi uja ankanena zoona zokhazokha za Paulo ndi Sila, ambuye ake ankapindula naye ndalama zambiri, ndipo Paulo anatulutsa mzimu umene unali mwa iye. Yesu anati pa tsiku lomaliza ambiri adzanena kuti tinanenera m'dzina lanu, ndipo iye adzati sindinakudziweni. Kudziwa chinsinsi cha munthu ngakhale asing'anga amadzitama nako. Muyeso umene Yesu anatipatsa ndi zipatso.

Ndiye tiyeni tione zipatso za uthengawu m'nyumba mwanu. Ine ndikafuna kuyesa uneneri ndimayang'ana chimene ukuuza munthu kuti achite ndi munda wake, ana ake, ndalama zake ndi abale ake. Chimene ndachiona m'Baibulo n'chakuti Mulungu akachenjeza za tsoka, anthu ake amawonjezera kugwira ntchito. Nowa anauzidwa za chigumula, anatenga nkhwangwa. Yosefe anamasulira maloto a zaka zisanu ndi ziwiri za njala, ndipo malangizo ake anali oti amange nkhokwe. Agabo, mneneri weniweni wa Chipangano Chatsopano, ananeneratu njala imene inachitika m'masiku a Klaudiyo, ndipo a ku Antiokeya anasonkha aliyense monga mwa kupata kwake. Thandizolo silinapite kwa Agabo. Linapita kwa abale osauka a ku Yudeya kudzera mwa Barnaba ndi Saulo (Machitidwe 11:27-30). Agabo yemweyo anadzamanga manja ndi miyendo yake ndi lamba wa Paulo n'kunena kuti Paulo akamangidwa ku Yerusalemu. Abale analira kuti asapite, Paulo anamva, analingalira, n'kupitabe. Uneneri woona sunamulande Paulo nzeru zake kapena ufulu wake wosankha.

Mutu umene ndikufuna muwerenge ndi amuna anu, akalola, ndi Yeremiya 28 ndi 29. Hananiya anaimirira m'kachisi n'kulengeza kuti pasanathe zaka ziwiri ukapolo wa ku Babulo utha, mpaka anathyola goli limene Yeremiya anavala m'khosi. Anthu anakondwa, poti ndi uthenga umene ankaufuna. Yeremiya anayankha modzichepetsa kuti Amen, Yehova achite chomwecho, koma tidzaona chikachitika. Hananiya anamwalira chaka chomwecho. Kenako Yeremiya analembera a ku ukapolo kalata yosakoma kumva: mangani nyumba, limani minda mudye zipatso zake, kwatirani, berekani, zaka zake ndi 70. Wonena kuti "kwatsala pang'ono, musavutike n'kulima" anali wabodza. Wonena kuti "limani" anali wa Mulungu. Ku Tesalonika nako ena anasiya ntchito poganiza kuti tsiku la Ambuye lafika, ndipo mawu aja akuti wosafuna kugwira ntchito asadye Paulo analembera anthu amenewo (2 Atesalonika 3:10). Paulo yemweyo akuti wosasamala a m'banja lake wakana chikhulupiriro (1 Timoteyo 5:8). Vumbulutso limene likuchotsa mwana wa Fomu 3 pasukulu likutsutsana ndi zimene Mzimu yemweyo analembetsa kale, ndipo Mzimu sadzitsutsa.

Funso la ndalama ndi losavuta, moti mwana akhoza kulifunsa. Ngati dziko likutha mu Malichi, Papa akufuna ndalama za injini kuti achite nazo chiyani? Iwo agulitsa chiyani chawo? Ku South Korea, Lee Jang-rim anauza anthu kuti mkwatulo uchitika pa 28 Okutobala 1992. Ambiri anasiya ntchito n'kupereka chuma chawo. Apolisi atamufufuza anapeza kuti iye anali atasunga ndalama m'mapepala oyenera kudzabweza phindu mu 1993, ndipo anamangidwa pa mlandu wobera anthu. Elisa atachiritsa Namani anakana mphatso, ndipo Gehazi amene anazithamangira anatenga khate. Simoni atafuna kugula mphamvu ya Mzimu, Petro anamuuza kuti atayike nazo ndalama zakezo. Mika anadandaula za aneneri olosera chifukwa cha ndalama, olalikira mtendere kwa wowapatsa chakudya ndi nkhondo kwa wowamana. Kupereka kwa Mulungu n'kwabwino, ndipo ine ndimakuphunzitsa. Koma chopereka chofinyidwa ndi mantha, chopita m'thumba la munthu mmodzi popanda komiti kapena buku lolembamo, chimenecho ndimachitcha ndi dzina lina.

Musawaone amuna anu ngati chitsiru. Nsomba zachepa, mafuta a injini akwera, kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndipo zinthu sizinabwerere. Mwamuna amene wakhala akubwera kunyanja chimanjamanja, m'mimba mukupweteka, ana akumuyang'ana, tsiku lina amva dzina lake likutchulidwa pagulu kuti Mulungu akumudziwa. Apatsidwa chifukwa cha mavuto ake, apatsidwa womulakwira, apatsidwa ndi tsiku limene zonse zidzathe. N'zovuta kuti munthu wotopa akane mphatso zitatu zoterozo. Mukawatcha opusa mudzawakankhira kwa yekhayo amene akuwalemekeza. Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka. Chimene mukufuna kuchotsa chakhala pa chinthu chimene simukufuna kuswa.

Choncho musalimbane nawo pa funso loti Papa ndi woona kapena wabodza, chifukwa pamenepo adzateteza ulemu wawo. Sankhani nthawi imene adya ndipo ana agona. Auzeni kuti inunso mukufuna kukonzekera kubwera kwa Ambuye, ndipo muwapemphe awerenge okha Mateyu 24 kuyambira ndime 36 mpaka kumapeto. Adzapezamo kuti pa tsikulo awiri adzakhala ali m'munda, akazi awiri ali pamphero, ndipo wodala ndi kapolo amene mbuye wake adzamupeza akugawira anzake chakudya pa nthawi yake. Wotengedwayo akutengedwa ali ndi khasu m'manja. Kenako pemphani chinthu chimodzi chokha, chaching'ono: injini isagulitsidwe mpaka tsiku lonenedwalo litadutsa. Ngati Yesu abwera, palibe chimene mwataya, pakuti sadzafunsa risiti ya injini. Ngati sabwera, ana adya. Akakana kupita kunyanja, injiniyo ibwerekedwe kwa msodzi wodalirika azilipira, kusiyana n'kuti ipite. Ambiri amene ndakhala nawo pansi amavomera zimenezi, chifukwa simunawauze kuti asiye chikhulupiriro chawo.

Inuyo bzalani. Ngati muli ndi gawo ku banki m'khonde kapena kageni kanu, gulani feteleza amene mungathe, ndipo fizi kalipireni nokha kusukulu ngakhale pang'onopang'ono. Pitani mukafotokozere aphunzitsi aakulu mwana asanathamangitsidwe. Kumeneko si kuderera mwamuna. Abigayeli anapulumutsa nyumba yake pochita chanzeru pamene mwamuna wake sankamva za munthu. Ngati bambo aumirira zogulitsa, itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri msanga, injini isanapeze wogula. Uzaninso abusa kapena akulu a mpingo umene munadalitsira ukwati, koma muwapemphe abwere ngati ocheza, osati ngati bwalo lodula munthu. M'mimba mwawomo namo mukaonedwe kuchipatala. Kunyanja kuno likodzo ndi zilonda za m'mimba n'zofala ndipo zili ndi mankhwala. Munthu akachira, theka la mantha ake limachoka.

Nkhani ya mayi anu ndiyo ikundidetsa nkhawa kuposa injini, ndipo musaichedwetse. Uneneri, malinga ndi 1 Akorinto 14:3, umamangirira, umalimbikitsa ndi kutonthoza. Palibe pamene Yesu kapena mtumwi aliyense analoza gogo wa m'mudzi kuti ndiye wamanga malonda a munthu. Mbiri ya dziko lathu ili ndi chitsanzo choopsa: Tomo Nyirenda, wochokera kumpoto kwa dziko lino, amene ankadzitcha Mwana Lesa, kutanthauza Mwana wa Mulungu, ankati amazindikira mfiti pobatiza, ndipo anamiza anthu ambiri ku Zambia ndi ku Congo asananyongedwe mu 1926. Nayenso ankagwira Baibulo. Masiku ano timamvabe za agogo omenyedwa kapena kuphedwa chifukwa cha mawu ngati amene anenedwa kwanuwo, ndipo nthawi zambiri zimayamba mwana akadwala kapena maliro akagwa, anthu n'kukumbukira kuti aneneri ananenapo. Lamulo la dziko lino la za ufiti, la 1911, limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Pitani ndi atsibweni anu kwa amfumu mukanene kuti mawu otere anenedwa pagulu, kuti zidziwike zinthu zisanaipe. Mukamva zoopseza, kaya kuchokera kwa amuna anu kaya kwa a felosipu, kanenani kupolisi tsiku lomwelo, ndipo ngati n'kotheka mayiwo akayambe akhala kwa m'bale wina.

Pali malire ena amene akadumphidwa simufunikanso kudikira ankhoswe. Ngati gululo liyamba kuuza anthu kuti asiye ma ARV, mankhwala a BP, a shuga kapena a khunyu; ngati ana akuuzidwa kusala kudya; ngati pali zoti onse asamukire kuphiri kapena kutchire kukadikira tsikulo, mafoni atazimitsa; ngati akuuzidwa kuti asalankhulenso ndi abale osakhulupirira, tengani ana muchoke, ndipo mukadziwitse apolisi ku Victim Support Unit ndi a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kuboma. Sindikunena izi pofuna kukuopsezani. Ku Kanungu m'dziko la Uganda, gulu lina linauzidwa kuti dziko litha kumapeto kwa 1999, anthu anagulitsa katundu n'kupereka kwa atsogoleri. Tsikulo linadutsa. Pa 17 Malichi 2000 anthu mazanamazana anapsera m'tchalitchi chotsekedwa, ndipo pamodzi ndi mitembo yopezeka m'malo ena a gululo chiwerengero chinapitirira 700. Ku Shakahola m'dziko la Kenya, kuyambira mu 2023 afukula mitembo yoposa 400, kuphatikizapo ya ana ambiri, ya anthu ouzidwa kuti asale kudya mpaka akakumane ndi Yesu. Magulu ambiri otchula masiku safika pamenepo, amangobalalika mwamanyazi. Koma nthawi yoopsa kwambiri ndi masabata oyandikira tsikulo ndi otsatira pambuyo pake, pamene mtsogoleri wapanikizika ndipo anthu ayamba kufunsa za katundu wawo. M'masabata amenewo ana anu azigona pakhomo.

Yang'aniraninso bambowo paokha. Akayamba kukhala masiku osagona, kumva mawu amene ena sakuwamva, kunena kuti iwonso apatsidwa uthenga wa dziko lonse, kapena kulankhula zofuna kufa kuti akafike msanga, apititseni ku chipatala chachikulu cha Salima. Matenda a maganizo, ngakhale malungo aakulu, amatha kuvala malaya a chipembedzo, ndipo kupemphera sikuletsana ndi kuonana ndi dokotala. Ndipo ngati kufunsa kwanu kwayamba kubweretsa zibakera, kapena akukumanani chakudya ndi ndalama kuti mugonje, lamulo la 2006 loletsa nkhanza za m'banja limakutetezani, ndipo limawerengera nkhanza za pachuma zomwe.

Tsikulo likadzadutsa, m'mawa mwake muwaphikire phala monga mwa masiku onse. Musaseke, ndipo muletse ana ndi abale anu kuwaseka. Ndaona amuna akubwerera kwa mneneri yemweyo kukalandira deti yachiwiri, osati chifukwa akukhulupirirabe, koma chifukwa kunyumba kunali kuseka ndipo kufelosipu kunali anzawo ogwa nawo limodzi. Ndaonanso ena akutaya Mulungu yemwe, n'kubwerera kumowa, poganiza kuti amene wawanamiza ndi Yesu. Pakapita masiku, atulutsireni kope lija muwerenge limodzi zimene zinanenedwa, kenako Deuteronomo 18:22, ndipo muwasiye anene okha. Abusa anu akhale okonzeka kuwalandira popanda kuwaimiritsa kutsogolo kwa mpingo.

Mbuzi zija mwina sizibwerera, pokhapokha papezeke umboni woti panali chinyengo. Komabe sungani mauthenga onse a Airtel Money kapena Mpamba osonyeza ndalama zimene zapita ndi nambala imene inalandira, ndipo lembani mayina a amene analipo pamene mbuzizo zinkatengedwa. Mabanja ena a m'gululo akadzafuna kukadandaula kwa amfumu kapena kupolisi mu Epulo, zimenezo n'zimene adzafunsidwe.